Musanakumbe mjigo pa mwala wa laimu, onani za ku Lusaka

Chilala cha 2024 chitapsereza chimanga, boma la Zambia linalengeza kuti dziko lili pa ngozi mu February, ndipo la Malawi linatero mu March m'maboma 23 mwa 28. Chiyambire pamenepo, nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya mijigo ndi mapampu a sola. Ulimi wothirira ndi wofunikadi. Koma musanasonkhe ndalama pakalabu, dziwani mwala umene uli pansi pa munda wanu.

M'madera ambiri a Malawi madzi a pansi amakhala m'mwala wofumbutuka kapena mumchenga, ndipo amayenda pang'onopang'ono akusefeka. Pa mwala wa laimu si choncho. Mvula imaudya mwalawo kwa zaka zambirimbiri mpaka kupanga ming'alu, mauna ndi mapanga. Akatswiri amatcha malo otere karst. Mmenemo madzi amathamanga ngati m'paipi. Mjigo umodzi ukhoza kulasa mng'alu n'kutulutsa madzi ochuluka, wina pafupi pomwepo n'kukhala wouma.

Mbali yaikulu ya mzinda wa Lusaka ili pa mwala wotere, ndipo madzi ambiri amene anthu amamwa kumeneko ndi a pansi. Vuto n'lakuti msewu wa madzi ndi womwewonso wa zonyansa. Kolera atabuka mu 2017, madera ngati Kanyama, kumene zimbudzi zokumba zili pafupi ndi zitsime zosaya, anavutika kwambiri. Atabukanso mu 2023 mpaka 2024, anapha anthu oposa 700 m'Zambia.

N'chifukwa chake ofufuza, ena mwa iwo oti anamaliza kale digiri ya PhD, amathera zaka pa nkhaniyi. Amathira utoto wosavulaza m'una n'kudikira kuona kasupe amene utulukire. Kenako amaika miyeso ya mvula ndi ya zitsime mu kompyuta kuti iwerengere mmene madzi adzatsikire mijigo ikachuluka. Kompyutayo imangodziwa zimene yauzidwa, ndipo miyeso ya kumidzi ndi yochepa. Apa mpamene inu alimi otsogolera mungathandize: mwezi uliwonse yezani ndi chingwe pamene madzi alekezera m'chitsime, lembani m'kope pamodzi ndi tsiku, n'kuwaonetsa alangizi.

Kuno mwala wa laimu umapezeka m'malo ochepa, monga ku Balaka ndi ku Changalume m'boma la Zomba. Ngati kwanu anthu amaotcha laimu, ngati madzi a mvula amalowa m'una n'kuzimirira, kapena chitsime chimachita matope mvula ikangogwa, musadalire malangizo aja akuti chimbudzi chitalikire mamita 30 okha. Pa mng'alu mtunda umenewo suchedwa kutha. Chimbudzi, khola ndi mulu wa manyowa zikhale kumunsi ndiponso kutali, m'una musatayemo mabotolo a mankhwala a mbewu, ndipo madzi akumwa muziwathira klorini kapena kuwawiritsa. Wokumba mjigo akupatseni kalata yosonyeza miyala imene anadutsa ndi kuya kumene anapeza madzi, musanamalize kumulipira.