Pakhomo Pathu: Malambe, Usipa ndi Mtovu



Kuno ku Chisepo, ku Dowa, mitengo ya malambe ndi yosowa. Timagula malambe ochokera ku Salima, pamene inu a kunyanja mumangotola. Lero tikambirane za chipatso chimenechi ndi poizoni wina wosaoneka ndi maso.

Tsiku lina ndinapeza ana a madrasa ataswa batire lakale la galimoto, akusewera ndi zam'kati mwake. Ndinawasambitsa m'manja ndi sopo. Zam'katizo ndi mtovu.

Mtovu ukalowa m'thupi umaononga ubongo ndi magazi. Mwana amafooka, amachedwa kukula, ndipo za m'kalasi sizim'lowa. Bungwe la WHO likuti palibe mlingo wa mtovu umene tinganene kuti ndi wosavulaza, ndiponso kuti thupi la mwana limauyamwa kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Mu 2010 ana oposa 400 anafa ku Zamfara, ku Nigeria, chifukwa cha fumbi la miyala ya golide imene ankaipera pakhomo. Ku Kabwe, ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma dothi lake likudwalitsabe ana.

Kwathu kuno mtovu uli m'mabatire, m'zolemetsa maukonde, mu penti wina, ndi m'mapoto ena oumbidwa ndi zitsulo zotayidwa. Wanja wina wa pamsika amapangidwanso ndi mwala wa mtovu. Amayi, musapake khanda wanja amene simukudziwa kumene wachokera.

Nanga malambe akulowa pati? Mu ufa wa malambe muli chinthu chotchedwa pekitini. Chilinso m'magwafa, m'mango ndi m'khungu loyera la lalanje. Matumbo aang'ono sagaya pekitini. Akatswiri anaona kuti pekitini amagwira mtovu ndi zitsulo zina, choncho wina mwa mtovu umene mwana wameza ukhoza kutuluka ndi chimbudzi m'malo molowa m'magazi.

Koma tisanamizane. Malambe ndi chakudya, si mankhwala. Mtovu umene wakhazikika m'mafupa umakhalamo zaka zambiri, ndipo phala silingauchotse. Mwana amene wakhudzana ndi mtovu, ngati akusanza, akumva m'mimba kapena akukomoka, thamangani naye kuchipatala.

Chodziwika bwino ndi ichi: mwana wa njala, kapena wochepa magazi, amayamwa mtovu wambiri. Thupi losowa kashiamu ndi ayironi limatenga mtovu m'malo mwa zimenezi. Apa inu a kunyanja muli ndi mwayi. Usipa wodya ndi minga yomwe uli ndi kashiamu. Nyemba, bonongwe ndi chisoso zili ndi ayironi, ndipo vitamini C wa m'malambe amathandiza thupi kuyamwa ayironiyo.

Tsono mwana asapite ku sukulu kapena ku madrasa wopanda kanthu m'mimba. Thirani ufa wa malambe m'phala mutaliphula pamoto, chifukwa moto umaononga vitamini C. Abambo, musasungunulire mtovu wa maukonde pakhomo kapena m'poto wophikira, ndipo sinthani zovala musananyamule mwana. Ana asambe m'manja asanadye.

Ana ndi amana imene Allah anatisungitsa. Tidzafunsidwa za iwo.

Wassalam.