Makina a MRI akhale a mwana wa ku Golomoti nayenso

Mvula ikayamba m'chigwa cha ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka, makolo amadziwa kale chimene chikubwera. Madzi amadikha m'madambo, udzudzu umaswana, ndipo mwana amene dzana ankathamanga pabwalo amayamba kutentha thupi, kenako linjirinjiri, kenako amakomoka osatsitsimuka. Ena amati amulodza. Achipatala amati ndi malungo aubongo. Kwa zaka zambiri ngakhale madokotala sankadziwa bwino chimene chimatsiriza anawa, poti ena ankamwalira atalandira kale mankhwala oyenera.

Yankho linapezeka kwathu konkuno. Mu 2008, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre panaikidwa makina a MRI, oyamba m'dziko muno, chifukwa cha khama la Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University ndi anzake a Blantyre Malaria Project. Mmodzi mwa amene ankawerenga zithunzizo anali Mmalawi mnzathu, Dr Sam Kampondeni. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine: mwa ana 168 amene anaunikidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa omwalirawo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Ubongo ukatupa umasowa kolowera, pakuti chigaza sichifutukuka. Umakankhira m'munsi n'kupanikiza gawo limene limayendetsa kupuma, mpweya n'kutha. Dziko lonse lapansi linaphunzira zimenezi kuchokera kwa ana a Amalawi, ndipo ife timanyadira.

Komatu makina a ku Blantyre aja anali a mphamvu yochepa, 0.35 tesla. Tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito. MRI siunika ndi cheza ngati ekisire. Imagwiritsa ntchito maginito ndi mafunde onga a wailesi kuti madzi a m'thupi mwathu atumize chizindikiro chimene kompyuta imasandutsa chithunzi. Maginito akakula mphamvu, chizindikirocho chimamveka bwino, chithunzi chimaoneka mwatsatanetsatane, ndiponso wodwala sagona nthawi yaitali m'makinamo. N'chifukwa chake zipatala zazikulu zimagwiritsa ntchito makina a 1.5 kapena 3 tesla. Madokotala ataunika ana 16 odwala malungo aubongo ku Lusaka ndi makina a 1.5 tesla, anaona zimene makina ofooka sakanaonetsa bwino: mitsempha yothinana magazi chifukwa cha tizilombo ta malungo, komanso timadontho ta magazi totayikira mkati mwa ubongo. Blantyre inatiuza kuti ubongo umatupa, Lusaka inayamba kutiuza chimene chimautupitsa.

Ntchito ya MRI si malungo okha. Bambo amene wafa ziwalo mbali imodzi mwadzidzidzi, makina amphamvu amaonetsa pamene mtsempha watsekeka tsiku lomwelo. Mtsikana wa khunyu losamva mankhwala, amatha kumupeza ndi kachipsera kakang'ono kapena chotupa mu ubongo. Mlimi amene miyendo yayamba kulefuka, makinawo amaonetsa ngati ndi TB ya msana imene ikufinya mtsempha waukulu, dokotala wa opaleshoni n'kudziwa poyambira munthu asanalumale. Ndipo kwa amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, imene yatha amayi ambiri m'dziko muno, MRI imaonetsa pamene nthendayo yafika, zimene zimathandiza kusankha pakati pa opaleshoni ndi chithandizo china.

Sitikunena kuti makinawa aikidwe pa Golomoti kapena pachipatala cha mishoni cha Mua. Angakhale maloto a chumba. Maginito ake amaziziritsidwa ndi helium wamadzi wozizira kufika pafupifupi madigiri 269 kunsi kwa ziro, ndipo makina oziziritsawo sayenera kupuma usana ndi usiku. Magetsi akathima nthawi yaitali popanda jenereta, helium amauluka, ndipo kubwezeretsa kwake kumafuna ndalama zakunja. Pamafunikanso chipinda chapadera chosalowa zitsulo, amisiri okonza, ojambula ophunzira bwino, ndi madokotala owerenga zithunzi, amene m'dziko muno ndi owerengeka. Kwawo kwa makina otere ndi ku zipatala zazikulu: Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Mzuzu ndi Zomba.

Chimene tikunena n'chakuti makina amene ali mumzinda akhale a anthu a kunyanja nawonso. Mayi wa ku Mtakataka akabereka mwana wokomoka kumbuyo, ulendo wake umayamba pa kabaza, n'kufika pachipatala chaching'ono, kenako ku Mua kapena kukwera phiri la msewu wokhotakhota wa ku Masasa kulowera ku Dedza, kenako Lilongwe. Paliponse pamene ambulasi yasowa mafuta, makina a mamiliyoni aja sakumuthandiza kanthu. Tisaiwalenso zotsika mtengo: kafukufuku wa ku Blantyre komweko anaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amene ankaganiziridwa kuti wafa ndi malungo aubongo anali atafa ndi nthenda ina, ndipo kuunika mkati mwa diso ndi kachipangizo ka m'manja kumathandiza kusiyanitsa. Luso limeneli likhoza kufika ku Mua popanda helium.

Golomoti ili ndi ufulu wofunsa. Kuyambira mu 2022, pamalopa pali munda wa magetsi a dzuwa wopanga mamegawati 20, wokhala ndi mabatire osungira mphamvu, ndipo magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse. Dera limene likuthandiza kuyatsa mizinda lisamaone chithandizo cha m'mizindamo ngati cha eni ake.

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu athu kuti makina a 1.5 tesla akamagulidwa kapena kulandiridwa ngati mphatso, ndalama zowakonzera, za helium ndi za magetsi osaduka zilembedwe mu bajeti tsiku lomwelo. Aphunzitseni achinyamata ambiri ntchito yojambula ndi yowerenga zithunzi, ndipo muwasunge m'zipatala za boma. Wodwala amene watumizidwa ndi kalata kuchokera ku Dedza kapena ku Mua aunikidwe kwaulere, apatsidwe tsiku lake asanakwere galimoto. Nanunso makolo a m'dera lino la mfumu Kachindamoto, mwana akachita linjirinjiri musadikire kuti kuche: thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo.