Laputopu yakale ikakana kuyaka mutaikamo Linux, musathamangire kuifufuta



Pali dandaulo lomwe likumveka kawirikawiri pakati pa makolo masiku ano. Mwana watenga laputopu ya pakhomo, waikamo Linux, ndipo poiyatsa pakungotuluka sikirini yakuda yokhala ndi timawu tachingerezi, mwina "No bootable device" kapena "grub rescue", kenako zii. Chotsatira chake timachidziwa. Mwana amakalipiridwa kuti wapha katundu, laputopu imapita kwa okonza kumsika, okonzawo amafufuta zonse n'kuikamo Windows yosalipiridwa, ndipo zithunzi za banja, manotsi a Fomu 4 ndi makalata a ntchito a bambo zimapitira pomwepo. Ine ndikuona kuti laputopu yotereyi nthawi zambiri imakhala isanafe, ndipo chomwe chimawononga zinthu ndi kufulumira kuifufuta.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe ana athu akuikira Linux, poti ena amaganiza kuti ndi chibwana chabe. Kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zotetezera za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa omwe alembetsa ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso purosesa yatsopanoko. Kwa Intel, kawirikawiri ndi za m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, zomwe zinayamba kutuluka mu 2017. Malaputopu ambiri omwe timagula ogwiritsidwa kale ntchito ndi akale kuposa pamenepo. Mwini wake amatsala ndi njira zitatu: kukhalabe ndi Windows yopanda chitetezo, kugula makina ena, kapena kuikamo Linux, yomwe ndi yaulere ndipo aliyense amaloledwa kuikopera ndi kugawira mnzake. Linus Torvalds anaiyambitsa mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo lero ili ndi mitundu yambiri, monga Debian, Linux Mint ndi Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaitulutsa koyamba mu 2004. Mwana amene wasankha njira yachitatuyi waganiza bwino. Vuto limakhala pa kachitidwe kake.

Mukadina batani loyatsira, Linux kapena Windows sizidzuka nthawi yomweyo. Choyamba kudzuka ndi kapulogalamu kokhala m'bolodi ya makinawo. Pa makina akale kamatchedwa BIOS, pa atsopanoko UEFI. Ntchito yake ndi kufufuza pa hard disk kapulogalamu kena kolondolera njira, komwe pa Linux kawirikawiri ndi GRUB, ndipo GRUB ndiye amadzutsa Linux. Zili ngati mlendo amene watsika basi pasiteji: nyumba ilipo, katundu ali m'nyumbamo, koma mwana amene anatumidwa kukamuchingamira sanafike. Uthenga wa "No bootable device" umangonena kuti wochingamirayo sanapezeke, katundu wa m'nyumba akadali momwemo.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi kusiyana kwa BIOS ndi UEFI. BIOS imayang'ana kachigawo koyambirira ka diski, ka mabayiti 512 okha, kotchedwa MBR. UEFI imayang'ana chigawo chapadera chaching'ono cha mtundu wa FAT32 momwe mumasungidwa mafayilo oyatsira. Malaputopu ambiri a zaka zoyandikana ndi 2012, pomwe Windows 8 inkatuluka, amatha kugwira njira zonse ziwiri, ndipo apa ndiye pogwera. Mwana amayatsa fulashi yoikira Linux m'njira ya UEFI, Linux n'kudzikonza motsatira UEFI, pamene laputopuyo inatcheredwa kuti iziyaka m'njira yakale yomwe pa menyu imalembedwa Legacy kapena CSM. Kapena zimachitika mosemphana. Akachotsa fulashi, makina amafufuza malo olakwika. Mankhwala ake satenga ngakhale mphindi zisanu: yatsani, dinani batani lolowera m'matcheredwe, sinthani njirayo kuti igwirizane ndi momwe Linux inaikidwira. Pa Dell batanilo kawirikawiri ndi F2, pa HP ndi Esc kapena F10, pa ThinkPad ndi F1. Muli momwemo onaninso mndandanda wa zoyamba kuyatsidwa, chifukwa nthawi zina dzina la Ubuntu kapena Debian limakhalapo koma lili pansi penipeni.

Palinso Secure Boot, loko amene anafala pamodzi ndi Windows 8, amene amakana pulogalamu yoyatsira yopanda chidindo chovomerezeka. Ubuntu, Fedora ndi Debian za masiku ano zili ndi chidindocho, koma mitundu ina ing'onoing'ono ilibe, ndiye pamafunika kuzimitsa loko ameneyu. Malaputopu ena a Acer amafuna kuti muyambe mwaika pasiwedi ya woyang'anira musanaloledwe kusintha chilichonse pa Secure Boot. Mukaika pasiwediyo ilembeni m'kope, chifukwa kuiwala imeneyo ndi vuto lalikulu kuposa lomwe munali nalo.

Zaka za makinawo nazo zimalowererapo. Laputopu yakale kwambiri, ya purosesa ya 32-bit, singayatse Linux ya 64-bit ngakhale mutayesa kakhumi. Ubuntu inasiya kale kutulutsa zoikira za 32-bit, Linux Mint inasiya pa mtundu wake waukulu kuyambira 20 mu 2020, ndipo Debian 13 ya mu 2025 nayo ilibe. Makina oterewa amafuna mtundu wopepuka wopangidwira iwo, monga antiX. Ngati GRUB akuoneka bwinobwino koma pambuyo pake sikirini ikuda, kawirikawiri vuto ndi la kadi ya zithunzi. Kudina e pa menyu ya GRUB ndi kuwonjezera liwu loti nomodeset pa mzere woyambira ndi linux kumakulowetsani kuti mukakonze muli mkati.

Zina mwa zolepherazi Linux imangonamiziridwa. M'kati mwa laputopu muli kabatire kakang'ono kooneka ngati ndalama yachitsulo, kawirikawiri CR2032, kamene kamasunga nthawi ndi matcheredwe. Kakatha mphamvu, makina ena amaiwala zonse zomwe mwasintha mukangowazimitsa, ndipo chizindikiro chake ndi deti lobwerera zaka zambiri m'mbuyo. Hard disk ya zaka khumi nayo imatha kukhala kuti inali itatopa kale, ndipo ntchito yolemba mafayilo ambirimbiri nthawi imodzi yangoonetsera poyera matenda ake. Kuno kwathu tiwonjezepo magetsi. GRUB amaikidwa chakumapeto kwa ntchito yonse, ndiye magetsi akazima pa laputopu ya batire yakufa ntchito isanathe, mumatsala ndi Linux yopanda wochingamira. Amene ali ndi batire yotere adikire nthawi yomwe magetsi ali odalirika, kapena akachitire pamalo a sola.

Ndiye ikakana kuyaka, choyamba n'chiyani? Bwezeranimo fulashi yomwe ija. Mitundu yambiri ya Linux imatha kuyaka kuchokera pa fulashi popanda kukhudza diski, ndipo muli momwemo mungatsegule hard disk n'kuona zomwe zilimo. Koperani mafayilo ofunika kaye musanayese china chilichonse. Mukatero yesani kubwezeretsa GRUB. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Boot-Repair yomwe imachita zimenezi, ndipo pa fulashi ya Linux Mint imabwera ili momwemo. Zikakanika zonsezi, kuikanso Linux mwatsopano kulibe choopsa, poti katundu mwamutulutsa kale.

Koma makolo akadandaula sikuti alibe mfundo, ndipo apa ndilankhule ndi inu ophunzira. Pa nthawi yoika Linux pamabwera funso lofunsa ngati mukufuna kufufuta diski yonse. Amene wavomera pamenepo asanakopere kanthu wataya mafayilo ndithu, ndipo kusintha matcheredwe sikungawabweze. Laputopu ya bambo, ya mayi kapena ya achimwene ndi amana m'manja mwanu, pamodzi ndi zonse zili m'katimo. Pemphani chilolezo, fotokozani chomwe chisinthe, koperani zonse pa fulashi ina kapena pa diski yakunja, ndipo yesani Linux kuchokera pa fulashi kwa tsiku lathunthu kuti muone ngati Wi-Fi, mawu ndi kiyibodi zikugwira. Muwauzenso eni ake zoona: LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, koma nthawi zina kaonekedwe ka tsamba kamasuntha, ndipo mapulogalamu ena a kuntchito kwawo sangagwire konse pa Linux. Ngati bambo amadalira pulogalamu yotere pa ntchito yomwe imakulipirirani fizi, laputopu imeneyo isiyeni momwe ilili.

Okonza makompyuta sindikuwanyoza. Ambiri anazolowera Windows, ndipo kufufuta ndi njira yachangu pamene makasitomala ali pamzere. Komabe kholo lili ndi ufulu wonena kuti, "Musafufute kanthu musanandikoperere mafayilo anga," ndiponso kufunsa ngati Windows yomwe akuikayo ili ndi laisensi. Yopanda laisensi nthawi zambiri imatsegulidwa ndi timapulogalamu tosadziwika komwe tachokera, ndipo ndi pa makina omwewo pomwe timalowera m'maimelo ndi m'maakaunti a kubanki.

Pempho langa kwa akuluakulu a sukulu ndi aphunzitsi a Computer Studies ndi laling'ono. M'chipinda cha makompyuta mukhale mafulashi awiri osungidwa bwino, ina ya Linux Mint ya 64-bit, ina ya antiX ya 32-bit, pamodzi ndi diski imodzi yakunja yokoperapo mafayilo. Papezeke masana amodzi pa mwezi pomwe wophunzira angabwere ndi laputopu ya kwawo, ndi kalata ya chilolezo ya kholo, kuti ntchitoyi ichitike pamaso pa mphunzitsi. Laputopu yomwe yakana kale kuyaka ibwerenso tsiku lomwelo isanapite kumsika, ndipo ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 ayambe ndi kuona ngati yatcheredwa pa Legacy kapena pa UEFI.