ZA M'BANJA: Njira ya Agogo ya ku Chipatala



Mwezi uno tifuna kukamba za okalamba athu, ndi za njira imene ili pakati pa khonde lawo ndi khomo la chipatala.

Nonse mukumbukira mliri wa Covid-19, umene unalowa m'dziko lathu mu April 2020. Poyamba ambiri a ife kuno ku Lifuwu tinayesa kuti ndi nthenda ya anthu a m'tauni. Koma mu January 2021 unakula koopsa, kotero kuti nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Madokotala ananena poyera kuti nthendayi ipha makamaka okalamba, ndi iwo odwala kale shuga, mtima, kapena kuthamanga kwa magazi. Chifukwa chake, pamene katemera anayamba mu March 2021, Boma linaika opitirira zaka 60 pakati pa oyamba kulandira.

Koma taonani chimene chinachitika. Mu May chaka chomwecho, ku Lilongwe anatentha katemera wokwanira kubaya anthu 19,610, popeza masiku ake anali atatha. Zoonadi, katemerayo anafika m'dziko muno masiku ake atatsala pang'ono. Komanso mabodza anachuluka m'midzi, akuti wobayidwa adzafa msanga. Mankhwala analipo, okalamba analipo, koma sanakumane.

Kodi chinawalekanitsa n'chiyani? Tisafulumire kuloza Boma chala. Mnyamata akamva malungo, akwera njinga nafika ku chipatala cha Lifuwu dzuwa lisanatenthe. Akamtumiza ku chipatala chachikulu ku Salima, agulitsa usipa pang'ono napeza ndalama ya ulendo. Nanga agogo a mawondo otupa, amene maso awo ayamba kuchita khungu? Mliri unakula m'dzinja, nthawi ya matope, pamene banja lonse lili kudambo kuwokera mpunga. Agogo anatsala okha pakhonde. Ena anaopa chipatala, poyesa kuti adzawatsekera kwaokha, nadzafera kutali ndi ana awo. Ena analeka kukatenga mankhwala awo a mwezi ndi mwezi, ndipo nthenda yakale inawagwetsa mliri usanawakhudze. Ife tsono tinati, "Akula, alekeni apumule." Mawu amenewa tinawayesa achifundo, koma anali ophimba ulesi wathu.

Covid-19 inachepa mphamvu, koma mliri subwera ndi odi. Makolo athu anaona chimfine chachikulu cha 1918. Ife taona kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo sinalambalale midzi ya m'mbali mwa nyanja. Wina udzafika ndithu, ndipo tiyenera kukonzeratu njira.

Buku la ku chipatala la agogo lisungidwe pouma, ndipo mdzukulu wodziwa kuwerenga akumbukire tsiku lokatenga mankhwala. Mphakati uliwonse udziwe nyumba za okalamba okhala okha, Akristu ndi Asilamu omwe, ndipo usankhiretu mwini njinga amene adzawanyamula. Pakuti mutu umodzi susenza denga. Pokolola mpunga, patulani pang'ono pa ulendo wa odwala, ndipo musakhudzepo ngakhale pa chikondwerero. Mlangizi wa zaumoyo akabwera kudzayeza ana ku sikelo, mfunseni za okalambanso. Mukamva mphekesera za mankhwala, kafunseni dokotala, osati anthu a pa gombe. Ndipo maliro akachuluka m'mudzi, pasapezeke munthu wonenera nkhalamba ufiti. Wobweretsa mliri ndi kachirombo, si agogo ayi.

Inu anyamata ndi atsikana, amene lero akanika kuyenda ndi omwewo anakuberekani kumsana kunka nanu ku chipatala usiku, m'mvula, opanda nyali. Akuluakulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ana anu akupenya m'mene musungira agogo awo, ndipo sadzaiwala.

Mulungu asunge mabanja anu onse.

Ndife mphunzitsi wanu wa katekisimu,
ku Lifuwu