Pampu ya oyilo pa injini yakale ya boti: tiichotse kapena tiisiye?

Alimi ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, amagula feteleza ndi ndalama za usipa. Injini ya boti ikanoka mwezi wa Okutobala, munda nawo umavutika. N'chifukwa chake lero ndikufuna tikambirane nkhani yomwe imautsa mtsutso m'madooko: pampu ya oyilo pa injini zakale za two-stroke.

Injini zambiri zomwe asodzi anazolowera, monga Yamaha Enduro, zimafuna kuti munthu asakanize yekha oyilo ndi petulo m'chigubu. Koma pali zina, makamaka zogula kwa ena zochokera kunja, zomwe zili ndi kathanki kakekake ka oyilo ndi pampu yomwe imathira oyiloyo injini ikamayenda. Amakaniko ena akangoona pampuyi amati, "Bwana, chotsani, ikupherani injini."

Ine maganizo anga ndi akuti ukalamba wa injini paokha si chifukwa chochotsera pampu. Pampu yabwino imathira oyilo wochepa injini ikamalira pang'onopang'ono, ndi wambiri mukaikoka mwamphamvu. Zotsatira zake utsi umachepa, mapulagi sada msanga, ndipo oyilo amakhalitsa. Komanso injini ikhoza kunoka pampu ili bwinobwino, kaamba ka kabureta yotsekeka kapena kampira kopopa madzi oziziritsa injini komwe kadatha kalekale.

Kumbukiraninso kuti mwini boti nthawi zambiri amatsala kumtunda. Mukachotsa pampu, moyo wa injini mwauika m'manja mwa alovi omwe akuthira mafuta mu mdima, atatopa, ena akungoyerekeza ndi maso. Kuiwala kamodzi kokha n'kokwanira kuwotcha mapisitoni.

Tsono musanaganize chilichonse, iyeseni pampuyo. Lembani chizindikiro pomwe oyilo walekeza m'kathanki kake. M'chigubu cha petulo sakanizani oyilo ngati kuti pampu palibe, kuti injini itetezeke pa nthawi yoyesayi. Mukatentha malita 25 mukuthamanga kwambiri, oyilo wa m'kathanki ayenera kutsika mooneka, pafupifupi theka la lita. Onaninso ngati belu lochenjeza likulira. Timapaipi touma ndi tong'aluka tisintheni. Petulo wathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuchokera mu 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa idayamba ntchito, ndipo ethanol amawononga mipira yakale yomwe sidapangidwe kuti izimupirira.

Ilipo nthawi yomwe ndimavomereza kuchotsa. Ngati oyilo sakutsika, belu lidafa, ndipo zipangizo sizikupezeka, musadikire tsoka. Chitsanzo ndi injini za Johnson ndi Evinrude zokhala ndi pampu ya VRO, yomwe idayamba mu 1984. Kampani ya OMC yomwe inkapanga injinizi idagwa mu 2000, ndipo omwe adaigula adasiya kupanga Evinrude mu 2020. Msodzi wa ku Senga Bay angathe miyezi akudikira pampu yotere. Pampu yokayikitsa njoopsa kuposa kusowa pampu, pakuti imaleka mwakachetechete muli pakati pa nyanja, mwera ukubwera.

Koma kuchotsako kukhale kwa makaniko wodziwa. Mabowo onse atsekedwe kuti mpweya usalowe, ndipo pampu yoyendetsedwa ndi magiya isasiyidwe ikuzungulira youma. Pa VRO, pampu yomweyo ndiyo imapopanso petulo, choncho simungoizula n'kutaya. Chenjezo lalikulu ndi ili: injini za makono monga Evinrude E-TEC, Mercury OptiMax ndi Yamaha HPDI musazichotse pampu ngakhale pang'ono. Mu injini zimenezi petulo amalowa molunjika mu silinda osadutsa m'mabeyaring'i, kotero oyilo wa m'chigubu sangafike komwe akufunika.

Mukachotsa, muyeso womwe injini zambiri zakale zimafuna ndi 50:1, kutanthauza theka la lita ya oyilo pa malita 25 a petulo, kapena mamililita 400 pa malita 20. Ngati buku la injini yanu lilipo, tsatirani zomwe likunena. Gwiritsani oyilo wa injini za boti wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto. Yambani kuthira oyilo ndi petulo pang'ono, khutchumulani, kenaka dzazani. Dulani botolo loyezera, lilembeni mzere, limangirireni ku chigubu. Ndipo osakaniza akhale inu eni ake, masana, boti lisananyamuke.

Ngati simungathe kukhala pa dooko tsiku lililonse kuti muyeze nokha, ndalama zanu ziikeni pokonzetsa pampu ndi belu lake. Mtengo wa timapaipi ndi wochepa poyerekeza ndi mapisitoni atsopano.