Laputopu Yakale Isaweruzidwe Mofulumira

Ndikutsutsana nawo amisiri amene, akaona laputopu yakale ikukana kulowa pa intaneti, amafulumira kuiweruza kuti yafa, pamene kawirikawiri chosowa ndi driver, kapulogalamu kamene kamaphunzitsa makinawo kumvana ndi khadi lake la netiweki. Indetu, Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 mu 2020, koma pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta, Linux Mint, ikulandirabe makina okalamba. Ndipo ngakhale makhadi ena a netiweki a kampani ya Broadcom amavuta, popeza pulogalamu yawo imafunika kuitsitsa payokha, munthu wodziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha amalumikiza foni yake ndi chingwe cha USB, nabwereka intaneti, natsitsa chosowacho. Khadilo likakhala kuti lapsadi, kachipangizo ka Wi-Fi kobaya pa USB n'kotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi laputopu yatsopano.