Chamba Si Kachasu Woti Titcheze Kuseri kwa Chigafa

Mawu akuti chamba ndi amodzi koma masiku ano asenza katundu wambiri. Kale munthu akati chamba, tonse tinkaganiza za apolisi ndi misala. Lero mawu omwewo akutanthauzanso mbewu imene boma limaperekera chiphaso. Pamene a Boniface Kadzamira, amene anali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, anapempha Nyumba ya Malamulo mu 2015 kuti iganizire za chamba cha m'mafakitale, aphungu anzawo anawaseka. Mu February 2020 nyumba yomweyo inavomereza lamulo lolola ulimiwu, ndipo panakhazikitsidwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Ine monga mwana wa mlimi wa fodya wa m'mapiri a Dowa, mbewuyi ndikuilandira. Chimene ndikukana ndi mayesero amene amabwera nayo, osandutsa mafuta ake kukhala mankhwala oledzeretsa.

Tiyambe tamvetsa chimene chimachitika. Mu chamba muli zinthu ziwiri zodziwika kwambiri. THC ndi amene amazunguza bongo, pomwe CBD saledzeretsa ndipo ndi amene amachuluka mu chamba cha m'mafakitale. Akatswiri a sayansi anadziwa kale m'zaka za m'ma 1940 kuti CBD angathe kusandutsidwa THC pogwiritsa ntchito asidi. Nzeru imeneyi inangokhala m'mabuku mpaka dziko la America litaloleza ulimi wa mbewuyi mu 2018. Alimi analima mopyola muyezo, mtengo wa CBD unagwa, ndipo amalonda anayamba kusandutsa CBD wotsalayo kukhala mtundu wa THC wotchedwa delta-8, n'kumauika m'maswiti ndi m'timabotolo tosuta. Ife a ku Mponela, Madisi ndi Malomo tikudziwa bwino zimene mlimi amaganiza mtengo ukagwa ku okushoni. Tsiku limene CBD wathu adzasowe msika, wina adzatinong'oneza njira yomweyi.

Vuto loyamba ndi kukula kwa ntchito. Mayi aliyense amadziwa kuti kuphika nsima ya anthu asanu n'kosiyana ndi kuphika ya pamaliro. Mumphika waukulu pansi pamapserera pamwamba pasanapse, ndipo ukaphula suzizira msanga. Mankhwala nawonso amatero. Chimene chayenda bwino m'kabotolo ka mu labotale chimasintha khalidwe chikalowa mu thanki, chifukwa kutentha sikutuluka msanga ndiponso zinthu sizisakanikirana mofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti nsima ikapserera timangotaya, pomwe kuno mumphika muli asidi wowononga khungu ndi maso, komanso madzi osungunulira mafuta amene nthunzi yake imayaka ngati petulo. Ntchito yotere imafuna makina otulutsa mpweya woipa, magetsi osathimathima, zozimitsira moto ndi anthu ophunzira. Nanga zotsalira zake tidzazitaya kuti? M'mapiri mwathu chilichonse chotayidwa kumtunda chimatsikira kudimba ndi kuchitsime, kenako mumtsinje wa Bua.

Vuto lachiwiri ndi lobisika. Kusanduliza kumeneku sikutulutsa chinthu chimodzi chokha. Pamatulukanso zinthu zina zimene mu chomera mulibe kapena zilimo pang'ono kwambiri, ndipo zambiri mwa izo sizinafufuzidwe kuti zimatani m'thupi la munthu. Ndi maso sungazione. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America la FDA linalengeza kuti kuyambira January 2021 mpaka February 2022, malo othandiza anthu amene amwa poizoni analandira nkhani 2,362 zokhudza delta-8, ndipo pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse anali ana osakwana zaka 18. Mu November 2025 aphungu a dzikolo anakhazikitsa lamulo lochotsa mankhwala opangidwa motere m'gulu la zinthu zololedwa zochokera ku mbewuyi. Ngati dziko lokhala ndi ma labotale ambirimbiri linavutika chonchi, ife tidzatani?

Ena adzati ndikuletsa chitukuko. Adzanena kuti takhala tikugulitsa fodya wamasamba kwa zaka zambiri, ena n'kumalemera popanga ndudu, choncho tiyenera kumapanga tokha katundu womalizidwa. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo ndikugwirizana nayo. Koma si katundu aliyense womalizidwa amene amamanga dziko. Mowa wa m'masacheti nawonso unali katundu womalizidwa, wopangidwa m'mafakitale athu omwe, koma tinaona mmene unawonongera ana asukulu mpaka boma linauletsa. Komanso lamulo la 2020 linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, osati chosangalatsira. Wopanga zoledzeretsa kuchokera ku CBD akhala akulowera pawindo m'nyumba imene khomo lake ndi lotseka.

Njira yabwino ilipo. Kafukufuku amene kampani ya Invegrow inayamba ku Chitedze mu 2015 anaonetsa kuti mbewuyi imabereka m'nthaka yathu. Njere zake zimayengedwa mafuta monga timachitira ndi mpendadzuwa, ndipo luzi lake limapanga zingwe, nsalu ndi mapepala. Izi makopaletivi a ku Dowa ndi Ntchisi angazikwanitse popanda kuika moyo pachiswe. Ndalama za ziphaso zithandize kulimbikitsa ma labotale a Malawi Bureau of Standards ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, kuti botolo lililonse liziyezedwa lisanafike pamsika.

Pomaliza, ife ophunzira chiyankhulo tilinso ndi ntchito. Malinga ngati mlimi ali ndi mawu amodzi okha otchulira luzi, mafuta, mankhwala ndi zoledzeretsa, adzasainira chinthu chimene sakuchimvetsa. Tiyeni timupezere mawu osiyanitsa zinthu zimenezi m'Chichewa, ziphaso ndi malangizo zilembedwe m'chiyankhulo chake, kuti wobwera ndi migolo ya asidi akadzafika pamudzi, adzapeze anthu odziwa kufunsa. Paja safunsa anadya phula.